Kamakina ka pa Mpamba ndi dzanja langa lamanja

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Chitonga changa mukuchidziwa. Zaka zonsezi ndakhala nanu kuno chikadali kukwawa, ndipo ndikachiyamba pano akwaya sathanso kuimba chifukwa cha phwete. Ndiye mundilole ndiyankhule chakwathu ku Dedza.

Ndikufuna kuchitira umboni. Koma umboni wanga uyambira pa kuulula kanthu kamene ndakhala ndikukabisa kuyambira nyengo ya dzinja.

Mukukumbukira Lamulungu lija abusa ankapempherera odwala, tonse titaweramitsa mitu, kachisi ali zii, ine ndinadzambatuka pa benchi iyo yachitatu n'kufuula kuti mayo, phewa likugwedezeka lokha? Ndikuona ena mwayamba kale kumwetulira. Mayi wina wachikulire anayankha kuti ameni, poganiza kuti chakhudza munthu. Mapemphero atatha, mkulu wa mpingo wina ananditengera pansi pa mtengo wa mango panjapo n'kundifunsa mwaulemu ngati ndayamba kupita kumisonkhano ya mipingo ina. Ine ndinangoti ayi, ndinagwidwa tsemwe. Abale, silinali tsemwe, ndiponso sunali Mzimu. Anali mabatire awiri a tochi. Ndinali ndi kamakina m'thumba la malaya, mawaya ake atalowa m'kati mpaka pachifuwa, ndipo powerama buku la nyimbo linadina batani lake mpaka kumapeto.

Sekani, ndakulolani. Inenso ndimaseka masiku ano. Koma kamakina kameneko kanatsala pang'ono kundichotsera dzanja ili, mwinanso moyo umene.

Kwa amene simundidziwa bwino, ine ndimasema mitengo ya mphira ku esiteti. Ndinabwera ndili mnyamata, ndinakwatira mwana wanu wa kuno kunyanja, ndipo ndakalambira pa mitengo imeneyi. Ntchito yathu ndi ya dzanja. Umatenga kampeni kako m'mamawa, n'kusenda khungwa pang'ono chabe, kopyapyala ngati chikhadabo, motsetsereka, kuti utomoni woyera uja uyenderere mpaka m'kapu. Ukasema mosafika, utomoni sutuluka. Ukapitirira pang'ono n'kukhudza thupi la mtengo, waupweteka, ndipo bala limenelo limapola ndi chotupa chimene aliyense wodutsa adzachiona zaka zikubwerazo n'kudziwa kuti apa panadutsa munthu wa dzanja loipa. Ine, mundikhululukire kudzitama m'nyumba ya Mulungu, mzere wanga wa mitengo unalibe zotupa. A kapitawo akafuna kuphunzitsa wantchito watsopano ankabwera naye pa mitengo yanga. Ana anga adya, avala, aphunzira ndi dzanja limeneli.

Chinthu china chimene ndinkadzitama nacho n'kuwerenga. Sukulu ndinalekezera sitandade folo. Zotsalazo ndinadziphunzitsa ndekha, pa matumba a feteleza, pa nyuzipepala zokulungira zinthu, ndi dikishonale yakale imene masamba ake oyambirira anadyedwa ndi chiswe. Pepala lililonse logwa m'njira ine ndimatola. Kumudzi kwathuko anthu amabwera ndi makalata ndi timapepala ta m'mabokosi a mankhwala kuti ndiwawerengere, ndipo ananditcha Aphunzitsi. Dzinalo ndinkalikana pakamwa, koma mumtima linkandikomera kwambiri.

Zaka zingapo zapitazo mutu unayamba kundipweteka kumbuyo kuno, cha m'khosi. Kuchipatala anandiyeza n'kunena kuti ndi BP, magazi akuthamanga kwambiri. Anandipatsa mapiritsi, n'kunena kuti ndizimwa tsiku lililonse. Ndinafunsa kuti mpaka liti. Namwino anati mpaka Ambuye adzanditenge. Mawu amenewo sanandikhalire bwino. Malungo umamwa mankhwala masiku atatu n'kuiwala. Awa ayi. Ndiponso mapiritsi ake anali okodzetsa, ndikupepesa amayi, moti pa mzere wanga wa mitengo ndinkaima kawirikawiri pa zifukwa zosakhudza ntchito. Mchere anandiletsa. Usipa wouma uja ndimaukonda anayamba kundiphikira padera, wosakoma ngati udzu. Ndinkamwa mapiritsiwo, koma ndinkamwa monyinyirika.

Tsiku lina ndinagula misomali ya chitseko, ndipo wam'sitolo anaikulunga m'tsamba la magazini ya Chingerezi. Nditafika kunyumba misomali ndinaiika apo, pepalalo n'kuliwongola pabondo. Panali chithunzi cha chifuwa cha munthu, ndi kanthu kakang'ono ngati kabokosi ka machesi kumanzere kuno, mawaya ake akupita kumtima. Ndinatha masiku atatu ndili nalo, ine ndi dikishonale yanga. Zimene ndinatolapo n'zakuti kuli timakina ta batire timene timathandiza mtima kugunda bwino ndi timagetsi tochepa, ndipo madokotala akunja akuyesa kugwiritsa ntchito timakina tomweto potsitsa BP. Pamenepo pepalalo linathera, chifukwa wam'sitolo anali atang'amba theka lam'munsi n'kukulungira munthu wina. Theka limenelo sindinalione. Koma kodi ndinadandaula? Ayi. Ndinamalizitsa ndekha nkhaniyo m'mutu mwanga, ndipo ndinaimalizitsa momwe ndinkafunira: kamakina kalipo, mapiritsi atha ntchito.

Ndiye Loweruka lina ndili pa msika wa Mpamba, ndinamva sipika ikunena za BP, shuga, msana, nyamakazi. Panali bambo wina wovala tayi, mlendo, atayala katundu wake pa tebulo. Anali ndi timakina tonga wailesi yaing'ono, tokhala ndi mawaya awiri ndi timapepala tomata pakhungu. Anandimata pamkono, n'kudina. Mnofu unayamba kudumphadumpha wokha. Iye ankanena kuti magetsi amenewa amatsegula mitsempha. Koma ndinene zoona pamaso pa Mulungu: bambo uja sanavutike nane. Ndine amene ndinatulutsa pepala langa m'thumba n'kuyamba kumufotokozera iyeyo, ndi anthu onse anaima pamenepo, mmene sayansi yake imayendera. Iye ankangogwedeza mutu n'kumati amdalawa ndi ophunzira. Anthu awiri anagula chifukwa cha ulaliki wanga. Ine ndinali wachitatu.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya mapiritsi. Mayi a kunyumba ankandipatsa m'mamawa uliwonse pamodzi ndi madzi, ine n'kumayerekeza kumeza, kenako n'kukaponya m'gamubutsi yakale yong'ambika imene inali kuseri kwa chitseko. Kamakina kaja ndinkamata pachifuwa kumanzere, monga pa chithunzi. Atandifunsa ndinawauza kuti n'kothandizira mapiritsi. Ndinanama. Ndinanamiza munthu amene wandiphikira zaka makumi atatu.

Sizinathere pamenepo. Pafupi ndi nyumba yathu pali ada Longwe, msodzi, amene ambiri mukuwadziwa. Lero sali muno, amapemphera kwina. Iwonso ali ndi BP, ndipo tinkayendera limodzi kukatenga mankhwala. Iwo sawerenga, ndiye chilichonse cholembedwa amabwera nacho kwa ine. Ndinawakhazika pakhonde, ndinawaonetsa pepala, ndinawauza kuti azungu anasiya kalekale kumeza timiyala timeneti. Anandimvetsera mpaka kumapeto, ndipo sabata yotsatira anatuma munthu ku Mpamba kukawagulira kawo.

Masabata oyamba ndinamva bwino, ndipo apa ndi pamene matendawa amapusitsira. BP sikuwa. Siitenthetsa thupi. Kukodzakodza kuja kunatha, ine ndinati mwaona, kamakina kakugwira ntchito. Mutu ukayamba kupweteka ndinkangowonjezera mphamvu ya magetsi. Ngakhale zitachitika za pa benchi zija, sindinaphunzirepo kanthu. Chimene ndinaphunzira n'chakuti ndizichotsa mabatire ndisanalowe m'kachisi.

Tsiku limene ndikufuna kukuuzani linali Lachiwiri. Ndinafika pa mzere wanga kukungocha, mame ali thoo. Mtengo woyamba ndinasema bwino. Wachiwiri bwino. Pa wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi, kampeni kanalowa mpaka ndinaona thupi la mtengo likuyera. Ndinaima n'kuyang'ana. Ndinati mwina kampeni ndakanola mopitirira. Mtengo wotsatira, chimodzimodzi. Wotsatiranso, chimodzimodzi. Mitengo itatu motsatizana, ine amene ndinali ndisanapwetekepo mtengo. Ndinkaliuza dzanja kuti pang'onopang'ono, koma dzanja silinkandimva. Linali ngati ndabwereka kwa munthu wina. Kenako kampeni kanagwa pansi, ndipo sindinamve kuti kagwa.

A kapitawo anali kudutsa. Anaona mabala aja asanandione ine, ndipo anabwera akukalipa, kufunsa ngati ndayamba mowa ndi ukalamba womwewu. Ndinafuna kuwayankha, koma lilime linali lolemera ngati ndatafuna chinangwa chosaphika. Atandiyang'ana kumaso analeka kukalipa. Anandigwira paphewa n'kunena motsitsa mawu kuti, "Akulu, khalani pansi. Pakamwa panu papotoka."

Zotsatira zake ndikukumbukira mwa apo ndi apo. Anzanga anandinyamula mpaka kumsewu, galimoto inapezeka, ndipo masana ndinali pa bedi m'chipatala. Namwino anayeza BP, anayang'ana makina ake, anayezanso mkono winawo, kenako anatuluka mofulumira. Povula malaya anga anapeza timapepala tija titamatidwa pachifuwa, mawaya akulendewera. Mayi a kunyumba anali atafika, ataima kumiyendo kwa bedi, chitenje atamanga mopotoka chifukwa chothamanga. Adokotala anawafunsa ngati ndimamwa mankhwala. Iwo anayankha ndi mtima wonse kuti inde, tsiku lililonse, amandipatsa ndi dzanja lawo. Abale, pa zonse zimene ndinamva tsiku limenelo, palibe chinandipweteka ngati kumva mkazi wanga akundichitira umboni wabodza asakudziwa. Ndi lilime lolemeralo ndinayesetsa mpaka mawu amodzi anatuluka. Ndinati, "Gamubutsi."

Anaganiza kuti ndikubwebweta. Madzulo atapita kunyumba kukatenga zofunda, anasuzumira kuseri kwa chitseko, n'kukhuthula gamubutsi ija pa mphasa. Mawa lake anabwera nawo mapiritsiwo atamanga pa kansalu, n'kuwaika pa bulangete langa. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangoti, "Ada, mukanandiuza kuti mwatopa nawo, bwenzi tikutopera limodzi."

Adokotala aja anali mayi wamng'ono, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Lilime litayamba kumasuka pa tsiku lachitatu, ndinawapempha kuti atenge pepala lija m'thumba la buluku langa, chifukwa ndinkafunabe kuti wina anene kuti Aphunzitsi sanalakwe kwenikweni. Anawerenga, ndipo sanandiseke. Anati zimene zalembedwazo n'zoona. Timakina totero tilipodi, koma sitimatidwa pakhungu. Amachita opaleshoni, n'kukaika pansi pa khungu, mawaya ake n'kuwalowetsa m'mitsempha mpaka m'kati mwa mtima, ndipo amaikira anthu amene mtima wawo ukugunda mochedwa kapena modumphadumpha. Zotsitsira BP ndi timakina timeneti akuziyesa kumene kumaiko akutali, ndipo ngakhale amene akuyesedwawo sauzidwa kuti akataye mapiritsi awo. Anati mwina tsiku lina zidzafika kuno n'kuthandiza anthu, iwo akuyembekeza choncho. Koma kanga ka pa Mpamba n'kotikita minofu chabe, kumtima sikafika, ndipo pachifuwa si malo okaikapo. Anapinda pepala lija bwinobwino n'kundibwezera, n'kundifunsa kuti theka linalo lili kuti. Ndinati linapita ndi misomali ya munthu wina. Apo ndiye anaseka, ine ndinasekanso ndi pakamwa panga popotokapo.

Anandiuza kuti inali sitiroko, koma yaing'ono, ndipo ndinafika msanga. Mwendo unayamba kubwerera, pakamwa panawongoka, koma za dzanja sanandilonjeze. Anati ndizilipatsa ntchito zing'onozing'ono tsiku lililonse, tione.

Ndinabwerera kunyumba ndi dzanja losatha kumanga batani la malaya. Ndinkakhala pakhonde kuliyang'ana lili pabondo, n'kumaganiza za mzere wanga wa mitengo, kuti aupereka kwa wina. Pemphero langa nthawi imeneyo silinali lalitali. Ndinkangoti Ambuye, ndinadziyesa wanzeru, ndibwezereni dzanja. Ambuye, ndibwezereni dzanja. Abusa anabwera, amayi a mumpingo muno munabwera ndi nkhuni ndi ufa, munaimba pabwalo pathu. Mulungu akudalitseni. Simunadziwe kuti mukuimbira munthu wodzipweteka yekha.

Ndipo yankho la Mulungu silinabwere ndi mabatire. Linabwera m'dengu. M'mawa wina mayi a kunyumba anakumba chinangwa, anaika dengu patsogolo panga, n'kundipatsa mpeni. Ndinati kodi ine ndizisenda chinangwa pamodzi ndi azimayi, anthu akudutsa panjira? Anayankha kuti munthu amene anavina yekha m'kachisi pakati pa pemphero alibenso manyazi oti asunge. Ndinatenga mpeni.

Tsiku loyamba ndinasenda zitatu, ndipo theka la chinangwacho linapita ndi makoko. Azilamu anga ankabwera dala kudzaonerera, n'kumati mkamwini wa ku Dedza wafika pomaliza kukhala Mtonga. Sabata yachiwiri makoko anayamba kupyapyala. Mayi a kunyumba ankatola khoko limodzi, n'kuliyang'ana padzuwa ngati kapitawo, n'kunena kuti likadali lonenepa. Mwezi unatha, wachiwiri unatha. Mapiritsi ndikumwa, ndipo tsopano ndimamezera pamaso pawo n'kutsegula pakamwa ngati mwana kuti aone. Sindikwiya nazo. Ndinadzipangira ndekha mbiri imeneyo.

Mwezi wathawu ndinapita ku esiteti. A kapitawo sanafune kundipatsa mitengo yabwino, ndipo sindikuwaimba mlandu. Ananditengera ku mitengo yakale yoyembekeza kudulidwa, n'kunena kuti ndiyese umodzi, ndikaupweteka palibe chotayika. Anzanga anasiya ntchito n'kubwera kudzaima mozungulira. Ndinagwira kampeni. Ndinatseka maso n'kuganiza kuti ichi n'chinangwa chachikulu chabe, ndipo mayi a kunyumba akuyang'ana. Ndinasema. Kakhungwa kanagwa kopyapyala, kopindika. Tinadikira. Kenako timadontho toyera tinayamba kutuluka, tinakumana, n'kuyenderera mumzere mpaka m'kapu. A kapitawo anawerama, anapitisa chala pamene ndinasemapo kufuna bala, ndipo sanalipeze. Anandipatsa wachiwiri. Anandipatsa wachitatu. Pa wachisanu anati ndibwere Lolemba.

Sindinafike pa liwiro langa lakale, ndipo anandichepetsera mitengo. Mitengo itatu ija ndinaipweteka ili pomwepo pa mzere wanga, zotupa zayamba kuoneka, ndipo ndimaidutsa m'mawa uliwonse. Koma taonani dzanja ili. Taonani zala izi. Batani ili ndamanga ndekha lero.

Ndiye ndikuthokoza Mulungu amene sanandilange monga mwa uchitsiru wanga. Ndikuthokoza a kapitawo amene anayang'ana nkhope yanga m'malo moyang'ana mitengo yokha. Ndikuthokoza adokotala amene anandiwerengera theka limene ndinalibe. Ndikuthokoza mayi a kunyumba awo akhala apowo, amene akuyang'ana pansi chifukwa anandiletsa kuwatchula. Yewu ukongwa, ama, zikomo kwambiri. Kuwerenga sindinasiye, ndipo sindisiya, koma pepala likakhala long'ambika ndimapita nalo kwa amene ali ndi theka linalo. Inu amene muli ndi mapiritsi kunyumba ndipo mwatopa nawo, ndikudziwa mulipo muno, kauzeni adokotala kuti mwatopa, musakauze gamubutsi. Ndipo ndikupemphani mukondwere nane. Akwaya, mukonzeke, ndipo ndikadzambatuka lero mudziwe kuti m'thumba mulibe kanthu.

Koma ndisanakhale pansi, pali munthu mmodzi ndamusiya m'njira: ada Longwe, aneba anga aja ndinawalalikira pakhonde. Masiku onse ndili m'chipatala ankandivutitsa mumtima. Ndinkaganiza kuti ine chandipeza pamtunda, anzanga ali pafupi. Nanga iwo chikakawapeza ali m'bwato pakati pa madzi? Ndinatuma mayi a kunyumba kuti akawauze msanga asasiye mankhwala, ndipo anabwerako ndi yankho lakuti amva, basi. Nditatuluka ndinapita ndekha, mwendo ndikukoka. Ndinawapeza akusoka ukonde. Ndinakhala pansi, ndinavula chipewa, ndinawauza kuti ndinawasocheretsa, ndipo ngati thupi lawo lawonongeka mlandu ndi wanga. Ndinawafunsa kuti anakhala masabata angati osamwa.

Anaika ukonde uja pansi. Kenako anati, "Aphunzitsi, ine sindinadumphepo ngakhale tsiku limodzi. Kamakina kanu kaja ndimaika pamsana ndikachoka kopalasa, ndipo kamatikita bwino ndithu. Koma za mapiritsi, ine poti sinditha kuwerenga, ndinangopitiriza zimene anandiuza adokotala. Lachinayi ndi tsiku lathu lokatenga ena. Mundigogodere, tipitire limodzi."